Tamara ndi Mkono wa Apongozi

Tamara Miti ndagwira naye ntchito zaka khumi ndi zinayi m'wodi ya amuna ochitidwa opaleshoni, pachipatala china chachikulu muno mu Lusaka. Ine ndimakhala ku Mtendere, iye ku Matero, ndiye kunja kwa ntchito timangokumana pamaliro ndi pamaukwati. Si munthu wokoma kucheza naye. Ukamamufotokozera nkhani, maso ake amakhala pakhosi pako kapena pa zikhadabo zako, ndipo ukamaliza, m'malo moseka amakufunsa ngati unayezetsa magazi chaka chino.

Anabadwira ku komboni ya George, mwana wachitatu wa mayi wogulitsa kapenta ndi nyemba pamsika. Bambo ake anachokera ku Chadiza kudzafuna ntchito, ndipo anaipeza yosenza matumba a feteleza kumafakitale mpaka msana unawakana. Tamara unamwino sanaulakalake ayi. Ankafuna uphunzitsi, koma kalata ya kusukulu ya anamwino ndi imene inayamba kufika. Amanena choncho osakometsera, ndipo amatopa ndi atsikana amasiku ano amene ukawafunsa chimene anadzera amapendeketsa mutu n'kunena kuti ndi maitanidwe. Iye amawayankha kuti maitanidwewo akawasiye kutchalitchi, kuno abwere ndi wotchi yokhala ndi muvi wa masekondi.

Wotchiyo ndiye khasu lake. M'mawa akalowa, asanatsegule faelo iliyonse, amayenda bedi ndi bedi kugwira mkono wa wodwala aliyense. Amawerenga kugunda kwa mtima mphindi yathunthu, kenako osachotsa zala, amawerenga kupuma, chifukwa munthu akadziwa kuti ukuwerenga mpweya wake amayamba kupuma mwaulemu. Ana asukulu aulesi ali ndi chizolowezi cholemba 20 kuyambira bedi loyamba mpaka lomaliza, ngati kuti amuna makumi atatu anapangana. Tamara akaona zimenezo sakalipa. Amatenga mwanayo pamkono, kubwerera naye pa bedi loyamba, n'kuyambiranso onse, ngakhale tiyi azizire.

Zimene amaphunzitsa ndi zochepa ndipo amazibwereza mpaka kutopetsa. Amati munthu wong'ambidwa pamimba zikayamba kuvuta mkati, kupuma ndi kumene kumayamba kuthamanga, mtima n'kutsatira, mkodzo n'kuchepa, ndipo bipi imagwa pamapeto, zinthu zitaipa kale. Amati namwino wodikira bipi ali ngati munthu wodikira kuti denga ligwe kuti akhulupirire kuti muli chiswe. Thumba lililonse la mkodzo amalikweza m'mwamba kuliyang'ana. Wodwala wofuula ndi kutukwana samuopa kwenikweni. Amene amamudetsa nkhawa ndi wogona chagada ali zii, maondo atapinda, wosafuna kutembenuka, woyankha kuti ali bwino. Chilonda chouma bwino pamwamba sichimunyenga, chifukwa anaonapo zilonda zokongola pamimba zodzaza mafinya.

Ku Matero sapuma. Pa khonde pake pafika a shuga okhala ndi zala zoola, a sitiroko ofuna kuphunzitsidwa kumeza, ndi azimayi obwera ndi mapepala a mankhwala kuti awawerengere. Wasambitsapo abusa, makondakitala a minibasi, aphunzitsi ake akale, ndipo palibe thupi la mwamuna limene lingamudabwitse. Panali mwamuna mmodzi yekha m'Matero monse amene sanamukhudzepo ngakhale chala, ndiye apongozi ake aamuna, a Josiah Chulu.

Anakwatiwa ndi mwana wawo Given, woyendetsa thiraki yopita kumalire a Congo. Nthawi ya chikwati, azakhali a kuchimuna analankhula kwambiri. Ankati namwino alibe manyazi, amaona amuna ali maliseche tsiku ndi tsiku, ndiye angadziwe bwanji kulemekeza apongozi. Mawuwo anamufika Tamara ndipo anamubaya. Ambiri m'tauni muno mwambo wa upongozi anaufewetsa kalekale, koma iye anaugwira kuposa mtsikana wakumudzi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi sanapatsane moni wapamanja ndi a Chulu, sanadye nawo chipinda chimodzi, sanapondepo kuchipinda kwawo. Akafika ankagwada patali, pafupi ndi chitseko, maso pansi, n'kupereka moni kudzera mwa apongozi aakazi. Iwonso ankamuyankha kudzera momwemo, akumutchula kuti amake Karen. Apongozi aakaziwo ankadzitama naye kuchigwirizano, kuti wophunzira koma waulemu. Tamara zimenezi zinkamukomera, ndipo sindingamunamizire kuti ankangopirira.

A Chulu anali a ku Katete. Anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi pa fakitale ya misomali, ndipo ankanyadira kuti sanachedwepo. Anali mkulu wampingo, wovala jekete ngakhale mu Okotobala, wokhulupirira chilichonse cholembedwa papepala lokhala ndi chidindo. Chaka chatha, ali ndi zaka 71, matumbo awo anapotana. Mimba inatupa, mpweya osatuluka, ndipo anawathamangitsira kuchipatala kwathu. Lolemba anawachita opaleshoni, kudula chigawo chakufa cha thumbo n'kulumikiza zotsalazo. Tamara atamva kuti agonekedwa m'wodi yathu, anapita kwa ametironi kukapempha kuti sabata imeneyo amusinthire kuwodi ya azimayi. Ametironi ndi a ku Petauke, mwambo wa upongozi amaudziwa, sanafunse n'komwe chifukwa. Amene ndinawasamalira ndine, ndipo Tamara ankandidikira pa masitepe kuti ndimuuze manambala.

Anachira mooneka bwino. Anayenda tsiku lachiwiri, anayamba phala tsiku lachinayi, ndipo Loweruka, popeza pakhonde panali anthu odikira mabedi, anawatulutsa. Papepala panalembedwa kuti abwerenso Lachinayi kudzachotsa ulusi. Ndinawauza ndekha kuti mimba ikayamba kupweteka kwambiri, akayamba kusanza kapena kutentha thupi, asadikire tsikulo. Anagwedeza mutu, koma maso awo anali pachidindo. Ife amene timagwira ntchito imeneyi timadziwa kuti polumikiza thumbo, ngati pati pamasuke, pamakonda kumasuka kuyambira tsiku lachisanu mpaka cha kumapeto kwa sabata. Tamara ankadziwa kuposa ine.

Lamlungu masana anapita kukawaona. Nyumba yawo ndi ya khansolo yakale ija, pabalaza ndi chipinda chimodzi chotchingidwa ndi nsalu. A Chulu anali atatuluka kudzalandira anthu ampingo, atavala jekete, atakhala njo pampando. Tamara anagwada pamalo pake pafupi ndi chitseko. Anthu akuimba nyimbo, iye maso anali pa batani la jekete limene linkakwera ndi kutsika, wotchi ili pabondo. Anapeza kuti akupuma ka 24 pa mphindi. Anaonanso kuti phala limene anawapatsa anangolilawa kawiri, milomo inali youma, ndipo akafuna kutsokomola ankagwira kaye mkono wa mpando. Alendo atapita, anapempha apongozi aakazi kuti awauze bambo kuti mwina ndi bwino abwerere kuchipatala akawaonenso. A Chulu anamva okha, chifukwa panali mapazi asanu okha pakati pawo, koma anayankha akuyang'ana akazi awo.

"Bauzeni bamake Karen kuti nili bwino. Pepala ikamba pa Chinayi, ndiye nizapita pa Chinayi."

Pamenepo Tamara akadakhala kuwodi, nkhani ikadatha mphindi ziwiri. Akadagwira mkono, kuvundukula mimba, kuitana dokotala. Apa anawomba m'manja mwaulemu n'kutuluka chogwada. Makina ake a bipi ndi akale aja opopa ndi dzanja, ofuna kuti ugwire mkono wa munthu, ndiye anakhala m'chikwama.

Lolemba m'mawa asanapite kuntchito anadutsanso. A Chulu sanatuluke kuchipinda. Tamara anagwada kunja kwa nsalu n'kuwerenga ndi khutu, ndipo anapeza 28. Ndiye anachita chinthu chimene mpaka lero chimandipsetsa mtima ndikachiganiza: anasandutsa apongozi ake aakazi kukhala manja ake. Anawapatsa choyezera kutentha kwa thupi, anawalangiza poyika, ndipo chinabwerako chikuonetsa 37.4. Anadziwa pambuyo pake kuti mayiwo ankawamwetsa amuna awo panado maola anayi alionse, kuwonjezera pa mankhwala a kuchipatala, ndiye kutenthako kunabisika. Anawatuma akaone chilonda, n'kubwera ndi uthenga woti n'chouma bwinobwino, ndipo sananame. Anawasonyeza pamkono pake pomwe mtima umamvekera, koma zala za mayi wochapa ndi kulima zaka makumi asanu sizinapeze kanthu. Anawatuma akadinikize pamimba amve ngati n'pofewa kapena polimba. Mayiwo anakasisita mwachikondi, amuna awo analuma mano kuopa kubuula mpongozi ali pakhomo, ndipo yankho linali lakuti n'polimbako pang'ono, mwina ndi mpweya.

Chimodzi chokha anachiona ndi maso ake. Mayiwo potuluka ndi chitini cha mkodzo atachivindikira ndi nsalu, Tamara anawatsatira kuseri n'kuvundukula. Unali wochepa kwambiri, wa usiku wonse, wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Anapemphanso zopita kuchipatala. Kuchipinda kunachokera yankho lomwe lija. Anaimbira foni Given, amene anali pamzere wa mathiraki ku Kasumbalesa tsiku lachitatu. Given si munthu woipa, koma bambo ake ankawaopa ngakhale iye ali ndi imvi kale. Anati bambo akanena kuti ayi ndiye kuti ayi, kuti Tamara akalowa kuchipindako azakhali adzati tinanena, ndipo amudikire iye kapena adikire Lachinayi.

Masana amenewo anandipeza m'chipinda chosungira nsalu n'kundiuza zonse, manambala ali m'mutu. Ndinamuuza mosapita m'mbali kuti thumbo lamasuka ndipo akuchedwa. Anati akudziwa. Anandipempha kuti tikaweruka ndipite naye ku Matero ndikawagwire ineyo, popeza ine si mpongozi wawo ndipo amandidziwa. Apa ndi pamene nanenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinali nditatopa, mvula inali itayamba, ndipo kuchoka ku Matero kukafika ku Mtendere madzulo ndi minibasi ziwiri ndi mzere wa m'tauni. Ndinati ndibwera mawa tikaweruka. Ndinamuuzanso moseka kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe ngati ndi namwino kapena mpongozi. Sanaseke, ndipo ine ndinapita kwathu kukadya.

Lachiwiri anali ndi tchuti. Anafika kwa apongozi cha m'ma 7 koloko, atavala chitenje, ndipo anagwada kunja kwa nsalu monga mwa masiku onse. Kupuma kunali kwafupikufupi, kopitirira 30. Anamva a Chulu akufunsa ngati belu la kufakitale lalira kale, fakitale imene anasiya zaka khumi zapitazo. Anaimirira n'kukankha nsaluyo. Apongozi aakazi, amene anali atanyamula beseni, anamufunsa kuti akupita kuti.

"Munikhululukile, amayi," anatero Tamara, ndipo analowa.

Chipinda chimene anali asanachionepo chinali chaching'ono, chonunkha masanzi, jekete ili pamsomali. A Chulu anagona chagada, maondo atapinda, maso atalowa. Nzeru zinali zikubwera ndi kupita, koma anamuzindikira, ndipo anayesa kukoka bulangete. Tamara anagwada pambali pa bedi.

"Batata, ni ine. Nipaseniko kwanja."

A Chulu anatembenuzira nkhope kukhoma. Patapita kanthawi anatulutsa mkono m'bulangete, n'kunena akuyang'ana khomalo kuti, "Chitani nchito yanu."

Mkonowo unali wozizira ndi wonyowa. Mtima unkagunda 132, mofooka moti ukadinikiza pang'ono umasowa. Bipi inali 80 pamwamba. Anavundukula mimba. Chilonda chinalidi chouma, ulusi uli m'malo mwake, koma mimba inali yotupa ndi yolimba ngati thabwa, ndipo atangoikhudza a Chulu anabuula mokweza. Zonsezi zinamutengera mphindi zitatu. Anatuluka, anaitana takisi ya neba, anauza anyamata awiri akuluakulu a pa shopu kuti awanyamule ndi bulangete lomwelo, ndipo sanapemphenso chilolezo kwa munthu.

Ndinali pantchito pamene anafika. Tinawaika madilipi awiri, mankhwala opha tizilombo, paipi ya mkodzo ndi ya m'mphuno, ndipo masana asanakwane anali ali kufiyeta. Tamara anakhala pabenchi panja ndi apongozi aakazi, ngati wachibale wina aliyense. Polumikiza paja panali patamasukadi, ndipo zam'matumbo zinali zitadzaza m'mimba monse. Madokotala anatsuka, anatulutsira thumbo pakhungu, anawapititsa kuchipinda cha odwala kwambiri. Impso zinali zitaima kale ndipo sizinadzukenso. A Chulu anamwalira Lachisanu m'mawa, Given atafika kutatsala maola ochepa.

Sindinganene motsimikiza kuti akadabwera Lamlungu akadakhala moyo. Munthu wa zaka 71 wotsegulidwa pamimba kawiri m'masiku asanu ndi anayi amatha kupita ngakhale mutachita zonse pa nthawi yake. Koma ndaona ambiri obwera kupuma kuli pa 24 akutuluka ndi mapazi awo, ndipo obwera bipi itagwa ndaona ochepa. Tamara anaona odwala omwewo amene ndinaona ine.

Pamaliro anagwira ntchito ya mpongozi yonse. Anatunga madzi, anaphika, anayenda chogwada pakati pa azimayi, anagona pansi masiku atatu. Apongozi aakazi sanauze munthu kuti analowa kuchipinda, ndipo ndikuganiza kuti ankafuna kumuteteza. Ndiye azakhali aja, amene atsala awiri tsopano, anamuyamikira pagulu kuti ndi mwana woleredwa, amene ngakhale pa matenda sanaiwale malo ake. Ine ndinali pomwepo ndikusenda anyezi, ndipo ndinapsa mtima moti ndinatuluka kukaima kumsewu. Tamara anawomba m'manja kuthokoza.

Anabwerera kuntchito patatha sabata ziwiri, kuwodi yathu ya amuna. Sanasinthe kwenikweni, kupatula kuti anayamba kutenga nthawi yaitali ndi achibale a odwala otulutsidwa. Amawafunsa kuti kunyumbako amene azimugwira wodwalayu ndi ndani, osati amene azimuphikira, ndipo amamuphunzitsa munthuyo kupeza mtima pamkono mpaka ataupeza. Akaona kuti woperekeza ndi mpongozi amafunsa ngati pali wina. Mzere umatalika, madokotala amadandaula za mabedi, iye osawamva.

Mwezi wotsatira dokotala wamkulu wa opaleshoni, amene anachita yachiwiri ija, ankayendera wodi ndi ana asukulu khumi ndi awiri, a udokotala ndi a unamwino. Madokotala akuluakulu amatidziwa ndi dzina la pabaji basi. Kwa iye Tamara ndi Sisita Miti, ndipo dzina la Chulu silinamuuze kanthu. Titafika pa bedi la mnyamata wina wolumikizidwa thumbo amene ankatuluka tsikulo, dokotalayo anakumbukira nkhalamba ya ku Matero. Anauza anawo kuti mwezi watha anatsegula mimba imene inakhala ndi mafinya masiku awiri kapena atatu, ndipo anadandaula za anthu a m'makomboni amene amakhala ndi wodwala mpaka aole. Anati m'nyumba monsemo munalibe ngakhale munthu mmodzi woti agwire mkono. Anamwino atatu amene tinali pamenepo tinayang'ana pansi.

Kenako anatembenukira kwa Tamara, popeza amadziwa kuti ndiye katswiri pa zimenezi, n'kumupempha kuti awauze anawo zimene banjalo likadaona likadakhala ndi maso. Ndinafuna kulowererapo, koma iye anali atayamba kale. Ananena ndi mawu ake a masiku onse, osakwera osatsika. Anati tsiku lachisanu ndi chimodzi kupuma kukadakhala 24, wodwala akukana phala, milomo youma, akugwira mpando asanatsokomole. Tsiku lotsatira 28, osatuluka kuchipinda, mkodzo wochepa ndi wofiirira, thupi losatentha chifukwa cha panado, chilonda chouma. Tsiku lachitatu lake kupitirira 30, nzeru kusokonekera, mtima 132, bipi 80, mimba ngati thabwa. Ana aja ankalemba mothamanga.

Dokotala anakondwera. Anauza anawo kuti alembe zonse ndipo azisunge, chifukwa sisita wafotokoza ngati kuti anali m'nyumbamo.

"Ninalimo, ba dokotala," anatero Tamara. "Ninali pa chitseko. Banali bapongozi banga."

Zolembera zinaima. Dokotala anayang'ana faelo imene inali m'manja mwake. Tamara anafunsa mnyamata wotulutsidwayo kuti kunyumba akakhala ndi ndani, ndipo iye anati ndi mkazi wake, ali panja. Anatuma mwana wasukulu mmodzi kuti akamuitane.